Kasefa ka ku Joni kayamba kudontha ngati misozi

FUNSO: Zikomo a Mlangizi. Achimwene anga ali ku Joni ananditumizira kasefa ka madzi komangirira kunsi kwa ndowa, mkati muli timapaipi tonga ulusi. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu 2023 mpopi wathu umatulutsa madzi mwa apo ndi apo ndiye timatunga ku Ruo. Poyamba kankathamanga bwinobwino koma pano kakungodontha ngati misozi, komanso apongozi akuti chimenechi ndi chidole, madzi osanunkha WaterGuard iwo samwa. Ndikataye kodi?
Mayi wa ana atatu, Limbuli, Mulanje

YANKHO: Ayi mayi musakataye, kangotsekeka basi. Timapaipi timeneto tili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, pa sefa zambiri za mtunduwu bowo limakhala maikironi 0.1 pomwe tsitsi limodzi la m'mutu mwanumo ndi maikironi pafupifupi 70, ndiye tangoganizani. Madzi amadutsa koma tizilombo ta kolera ndi taifodi timakanirira kunja, vuto ndi loti matope a Ruo, makamaka dzinja mvula ikagwa kuphiriko, nawonso amakanirira pompo mpaka njira kutseka.

Fufuzani m'katoni muja, mwina muli chijakisoni chachikulu chopanda singano, bola ana sanachisandutse choseweretsa. Pompani nacho madzi oyera chobwerera m'mbuyo, mwamphamvu ndithu, kangapo mpaka otulukawo ayere. Ndipo madzi a kumtsinje muziyamba mwawasiya adikhe, kenako kusefa pa kansalu koyera, musanathire m'ndowamo.

Koma apongoziwo musawaseke, mbali ina akunena zoona. Mavairasi ngati rotavirus wotsegula ana m'mimba uja ndi ochepetsetsa kuposa bowolo, amatha kudutsa. Ine ndikanakhala inu ndikanasefa kaye kenako kuthira WaterGuard ndikudikira mphindi 30, ndiponso mankhwalawa amagwira bwino m'madzi oyera kusiyana ndi amatope.

Zosungunuka m'madzi monga feteleza wokokoloka m'minda kapena mchere, kasefako kalibe nazo mphamvu. Zimenezo zimafuna makina a reverse osmosis (okankha madzi mwamphamvu kudutsa pa sefa yothina kwambiri), amene angathandize ngakhale pa mijigo ya madzi amchere ku Chikwawa ndi Nsanje, koma amafuna pampu ndi magetsi komanso amataya madzi ambiri, si za pakhomo panu.

China, madzi osefawo asamakhale m'ndowa yapululu yoti aliyense aziviikamo kapu ndi zala zomwe, pezani yachivindikiro yokhala ndi kampopi.