Mukafika ku Japan, yambani ndi zilembo za masiku a pasabata

Inu amene mwatsika kumene ndege ku Narita kapena ku Haneda, ndikudziwa kuti mitu yaima. Kulikonse komwe mwaponya maso kuli zilembo zooneka ngati nkhuku yapalasa pamchenga, ndiye wina wakunong'onezani kale kuti boma la kuno lili ndi mndandanda wa zilembo 2,136 zochokera ku China, zotchedwa kanji, zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Zisiyeni kaye zimenezo. Gwirani zisanu ndi ziwiri zokha, za masiku a pasabata, ndipo muzigwire sabata yoyamba yomwe ino, ngakhale hiragana, zilembo zosavuta zomwe amayambira kuphunzira kuno, isanakhazikike m'mutu.

Ine zinandiphunzitsa ndi zinyalala. Mwezi wanga woyamba ndinkachita lendi kachipinda ku Saitama. Pamalo potayira zinyalala panali chikwangwani, ndipo pa zinyalala zowotcha, zomwe amati moeru gomi, analembapo 月・木. Ndinali nditakopera masiku onse m'kabuku, koma tsiku limenelo ndinangoyang'ana mothamanga, 木 ya Lachinayi n'kuiona ngati 水 ya Lachitatu. Lachitatu m'mawa ndinatulutsa jumbo yanga, mkati muli mitu ya nsomba. Galimoto silinabwere, linali tsiku lolakwika. Anabwera ndi akhwangwala, ndipo akhwangwala a kuno ndi zimphona, amadziwa ndi kusuzumira pansi pa ukonde womwe amaphimbira zinyalala. Pobwera madzulo ndinapeza msewu wosesedwa bwino, zinyalala zanga zili m'jumbo yatsopano pakhomo panga. Agogo ena oyandikana nafe ndi amene anasesa, ndipo mwini wake anamudziwira pa envelopu yomwe inali ndi dzina langa. Sanandikalipire. M'mawa mwake anangondipatsa kalendala ya zinyalala atazunguliza 木 ndi cholembera chofiira, nawerama pang'ono, n'kumapita. Kunena zoona bola akanandilalatira.

Ife kwathu masiku timachita kuwerenga: Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi, Lachisanu. Kuno musayembekeze kuona nambala, tsiku lililonse lili ndi chinthu chake. Lolemba ndi mwezi, 月, amati getsuyōbi. Lachiwiri ndi moto, 火, kayōbi, ndipo chilembocho mukachiyang'anitsitsa chili ngati munthu wakweza manja akuthawa nyumba ikupsa. Lachitatu ndi madzi, 水, suiyōbi. Lachinayi ndi mtengo, 木, mokuyōbi. Lachisanu ndi 金, kin'yōbi, chilembo cha golide, chitsulo komanso ndalama. Ichi palibe amachiiwala, chili ndi denga ngati kanyumba kosungiramo chuma. Loweruka ndi dothi, 土, doyōbi, ingokumbukirani kuti ndi tsiku lopita kumunda. Lamulungu ndi dzuwa, 日, nichiyōbi.

Pomwe muyenera kukhalitsa ndi pa 水 ndi 木. Zonse zili ndi mizere inayi, zonse zili ndi mzere woima pakati, komanso masiku ake ndi oyandikana, choncho mukasokoneza mumaphonya ndi tsiku limodzi lokha, koma tsiku limodzilo ndi lokwanira kukuphonyetsani mayeso. Yang'anani chinthu chimodzi: mtengo uli ndi mzere wopingasa womwe wadutsa thunthu, ngati nthambi. Madzi alibe. Mizere yake ya m'mbali yathyokathyoka ngati madzi akuthovoka, ndipo mzere wapakati uli ndi kambedza pansi. Pa zosindikiza zimaoneka bwino. Vuto ndi pamene abwana a kuganyu alemba ndi dzanja pepala la mashifiti, ali pachangu. Musaganizire. Lozani chalacho n'kufunsa kuti "Sui desu ka, moku desu ka?" kutanthauza "Ndi Lachitatu kapena Lachinayi?" Palibe amakwiya nalo funso limeneli.

Dzina lathunthu la tsiku limakhala ndi zilembo zitatu, monga 月曜日. Chapakaticho, 曜, chili ndi mizere 18 ndipo chimaopsa, koma musalimbane nacho panopa. N'chimodzimodzi pa masiku onse, komanso nthawi zambiri amachisiya n'kungolemba chilembo choyamba m'mabulaketi. Ana a kuno amaphunzira zilembo 80 m'chaka choyamba cha pulayimale, zisanu ndi ziwiri zathuzi zili momwemo, pomwe 曜 amakumana nacho chaka chachiwiri.

Tsopano nawu msampha womwe umakola aliyense. Kalata yochokera ku ofesi ya mzinda kapena kusukulu ikhoza kulemba chonchi: 4月7日(月). Mukuona 月 kawiri, 日 kamodzi, ndiye mukuyamba kudabwa ngati akunena Lolemba kapena Lamulungu. Chilembo 月 chikatsatira nambala chimatanthauza mwezi wa pakalendala, 日 chikatsatira nambala ndi deti. Tsiku la pasabata ndi lomwe lili m'mabulaketi basi. Apa ndiye kuti pa 7 Epulo, Lolemba. Ndi pomwenso foni imakugwetsani m'dzenje: mukajambula ndi pulogalamu yomasulira, kawirikawiri imakuuzani "madzi" kapena "ndalama" pomwe pepala likunena Lachitatu kapena Lachisanu. Mnzanga wina anayang'ana kalata ya kusukulu n'kumadandaula kuti akumuitanitsa ndalama, chonsecho amamuuza kuti abwere Lachisanu.

Mwina mukudabwa kuti moto ndi madzi zikutani pakalendala. Mayinawa ndi a zakumwamba: dzuwa, mwezi ndi mapulaneti asanu ooneka ndi maso. Mars kuno ndi 火星, nyenyezi ya moto, Mercury ndi ya madzi, Jupiter ya mtengo, Venus ya chitsulo, Saturn ya dothi. Nzeruyi inadzera ku China, ndipo amaitchula pamodzi ndi wansembe wa Chibuda Kūkai, yemwe anabwerako ndi mabuku m'chaka cha 806. Koma sabata yogwirira ntchito inadza mochedwa: kalendala yomwe timagwiritsa ntchito tonseyi anaiyamba mu 1873, ndipo mu 1876 maofesi a boma anayamba kupuma Lamulungu n'kumaweruka masana Loweruka. Ndinaseka nditamva zimenezi, poti ifenso dzina loti Loweruka likunena kuweruka komweko.

Mukazigwira zisanu ndi ziwirizo, onjezerani zochepa zoyenda nazo limodzi. 休 ndi kupuma, munthu watsamira mtengo. Pachitseko cha sitolo 定休日 ndi tsiku lomwe satsegula sabata iliyonse, ndipo pachipatala chaching'ono 休診 ndiye kuti dokotala palibe. Zambiri zimatseka Lachitatu kapena Lachinayi, zina masana okha, choncho onani musanadwale. 祝 ndi holide ya boma. Pasiteji ya basi ndandanda imagawidwa: 平日 ndi masiku a ntchito, Loweruka nthawi zambiri amalemba ndi mtundu wabuluu, Lamulungu ndi maholide ndi wofiira. Holide ikagwa pakati pa sabata, basi imayendera ndandanda yofiira, ndipo ikagwa Lamulungu amapuma tsiku lotsatira. Ndinaimapo pasiteji mphindi makumi anayi m'chisanu, maso ali pa ndandanda yakuda ya masiku a ntchito pomwe inali holide, anthu onse ali m'nyumba.

Chinanso ndi 第. Mukaona 第2・4水 pa kalendala ya zinyalala, akunena Lachitatu lachiwiri ndi lachinayi pamwezi, osati sabata iliyonse, yomwe amalemba 毎週. Mabotolo, zitini ndi zinyalala zosawotcha m'madera ambiri zimayenda chonchi, ndipo mukaphonya mukhala nazo m'kachipinda milungu iwiri. Dera lililonse lili ndi masiku ake, musatengere a mnzanu wa tauni ina.

Kaphunziridwe kake n'kosavuta. Nenani ngati nyimbo ya ana: getsu, ka, sui, moku, kin, do, nichi. Anthu polankhula amadula chomwecho, gessuikin ndi Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, donichi ndi Loweruka ndi Lamulungu. Bwana akakufunsani masiku omwe mungabwere, ndi mawu amenewa omwe mudzamve, ndipo inu ophunzira muwerengere bwino kuti musapyole maola 28 pasabata omwe chilolezo chanu chimalola. Lowani m'sitolo ya 100 yen mugule kalendala ya pakhoma, pansi pa chilembo chilichonse mulembe Lolemba, Lachiwiri mpaka Lamulungu ndi pensulo. Sabata ikatha fufutani awiri, sabata inayo ena awiri. 水 ndi 木 mudzafufute pomaliza.