Yankho: ophunzira akusowa pakati pa kosi ya pa intaneti

Aphunzitsi anzanga, mwafunsa chochita popeza ophunzira ambiri pa kosi yanu ya pa Moodle (pulogalamu yophunzitsira pa intaneti) amasowa pofika sabata yachitatu, ndipo otsalawo amakoperana mayankho. Nkhani imeneyi inandisowetsa tulo inenso kuno ku Lusaka.

Chimene chinandithandiza kwambiri ndi kusiya kudalira mayeso amodzi aakulu a kumapeto. Sabata iliyonse ndimapereka timayeso ta mafunso 5 kapena 10, toti munthu angathe kuyankha pa foni ali m'basi yochokera ku Matero. Ikani mafunso ambiri mu question bank (malo osungira mafunso mu Moodle), kenako muikonze kuti izisankhira aliyense mafunso ake. Wofuna kukopera amapeza kuti mnzake wafunsidwa zina. Koma chonde musatsegule mayeso kwa maola awiri okha. Magetsi akazima ku Chawama, kapena bandulo ikatha madzulo, wophunzira alibe mlandu. Ine ndimawasiya otsegula kwa masiku atatu, koma munthu akangoyamba amakhala ndi mphindi 20 zokha.

Pa ntchito yaikulu yolemba, afunseni za kwawo: mitengo ya zinthu pamsika wa Soweto, kapena vuto la madzi m'komboni momwe akukhala. Yankho lotero sangalitole pa Google.

Za osowawo, Lachisanu lililonse muziyang'ana pa activity completion, pamene Moodle imaonetsa ntchito zimene wophunzira aliyense wamaliza. Amene sanatsegule kalikonse mulembereni pa WhatsApp payekha, osati pagulu, kuopa kumuchititsa manyazi. Mufunseni chimene chamuvuta. Kwa ine ambiri amabwerera akangolandira uthenga umodzi wotere.