Nsalu ndi imodzi, koma ogula amaimva mosiyana

Amayi ena amene amagulitsa zitenge ndi kusoka zovala ku Kamwala mu Lusaka anditumizira imelo yokhala ndi funso ili: "Akazi anzanga akabwera pashopu amafikisa nsalu ndi zala, amaikwinya, ndipo ambiri amafuna yolemera ndi youma. Abambo amangoloza mtundu n'kulipira. Alendo ochokera ku Ulaya amakana nsalu imene ife timaitama, amati ndi yokhakhala. Kodi khungu la anthuwa n'losiyana, kapena pali china?"

Amayi, kusiyana kwa khungu kulipo ndithu, koma n'kochepa kwambiri kuposa mmene ambiri timaganizira. Mu 2009 akatswiri a pa yunivesite ya McMaster ku Canada anayesa ophunzira 100 powakhudzitsa nsonga ya chala pa zinthu zokhala ndi timizere tating'ono kwambiri. Akazi ambiri anaposa amuna pozindikira timizereto, koma ofufuzawo atayeza zala za onse anapeza kuti nkhani inagona pa kukula kwa chala. Pa chala chaching'ono timitsempha tomvera timakhala tothithikana, choncho mwamuna wa zala zazing'ono amamva bwino ngati mkazi wa zala zofanana nazo.

Chimene ine ndikuona kuti chimalekanitsa ogula anu ndi ntchito imene akudziwa kuti nsaluyo ikagwira. Mayi akamafikisa chitenge pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala amakhala akufunsa mafunso ambiri nthawi imodzi. Akufuna kudziwa ngati mfundo idzagwira akabereka mwana kumbuyo, popeza nsalu yoterera imamasuka yokha. Akuganiza za duku, ngati lidzaima bwino pamutu tsiku la ukwati kapena lidzagwera m'maso. Akuganizanso za kuchapa, chifukwa m'makomo ambiri muno mu Lusaka ndiye amene adzaione ikuchucha utoto m'beseni ndi kusuluka pachingwe. Zala zake zinaphunzira zimenezi kuyambira ali mtsikana, poona amayi ake ndi azakhali ake akusankha, ndipo luso lotere silibwera ndi chibadwa. Telala wamwamuna amene wakhala pa makina zaka zambiri amafufuza nsalu mwanjira yomweyo, mwinanso kuposa.

Abambo amene amangolozawo nawonso amamva, kungoti amamvera pathupi atavala kale. Kolala ikamapala khosi, kapena malaya akamamatira kumsana m'minibasi mwezi wa Okutobala, chovalacho chimatsala m'kabati osavalidwanso, ndipo inu simudzamva dandaulo, mudzangoona kuti munthuyo sanabwerenso. Chifukwa chake n'chodziwika: thonje limamwa chinyezi chokwana pafupifupi magawo 8 pa 100 a kulemera kwake, pamene poliyesitala safika ngakhale gawo limodzi, motero thukuta limangokhala pakhungu. Majuzi a pa salaula amene amayabwa mu Juni ndi Julayi alinso ndi chifukwa chake. Ubweya wa nkhosa wokhuthala kupitirira mamaikiloni 30 (maikiloni 1,000 ndiwo milimita imodzi) supindika ukakhudza khungu, umalasa, ndipo zala sizimva zimenezo msanga ngati mmene khosi ndi mkono zimamvera.

Za alendo anu, dziwani kuti mitundu ya anthu sigwirizana pa zimene imazitcha nsalu yabwino. Ku Japan, m'zaka za m'ma 1970, Sueo Kawabata wa pa yunivesite ya Kyoto anapanga makina oyeza kupindika, kutamuka, kusalala ndi kukhuthala kwa nsalu, pofuna kuti zimene akatswiri a m'mafakitale amamva ndi manja zilembedwe m'manambala. Nsalu za masuti zitaperekedwa kwa akatswiri a maiko osiyanasiyana, anagwirizana kwambiri pa za nyengo yozizira, koma pa za nyengo yotentha anasemphana. Ajapani anakonda youma pang'ono, yosamatira pakhungu, chifukwa chilimwe cha kwawo n'chachinyezi. Ku Mali ndi ku Senegal nsalu ya bazin amaipaka zoumitsa n'kuimenya ndi zibonga zamtengo kufikira itawala ndi kuuma gwa, ndipo kumeneko kuumako ndiko ulemu wa chovala. Mlendo amene anakulira m'zovala za thonje lofewetsedwa kale kufakitale akagwira chitenge chatsopano amachiyesa ndi muyeso wa kwawo, ndipo sakulakwa, monganso ife sitikulakwa.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandidetsa nkhawa, ndicho chakuti kukonda kwathu nsalu youma kumatipusitsa nthawi zina. Zitenge zambiri zotchipa zimaumitsidwa ndi sitachi kuti zioneke zolemera, ndipo zikachapidwa kamodzi zimasanduka zopyapyala. Wogula amene anakhulupirira zala zake amabwerera kwa inu wokhumudwa.

Choncho dulani kachidutswa pa mtundu uliwonse wa nsalu imene mumagulitsa, mukachape kawiri ndi sopo wamba, ndipo mukapachike pafupi ndi mpukutu wake. Amayi adzaona ngati kulemerako n'kwa ulusi kapena kwa sitachi, mlendo adzamva mmene chitenge chimafewera chikachapidwa, ndipo abambo muziwapempha kuti akhudzitse kachidutswako pakhosi kapena mkati mwa mkono asanasankhe nsalu ya malaya.