Alamu akukana kalasi ya pa tchalitchi, ati ndi ya ma refugee

Achimwene ena andilembera imelo kuchokera ku Leeds, kuno ku UK. Akazi awo anabwera pa visa ya banja, tsopano akufunika kukhoza mayeso a Chingerezi a mlingo wotchedwa B1, koma akukana kupita ku kalasi yaulere ya Chingerezi ya pa tchalitchi chapafupi, ati "kumeneko ndi kwa ma refugee." Ndiye akufunsa ngati kuli bwino kungowapezera mphunzitsi wolipira.

Achimwene, imelo yanuyi ndaiwerenga katatu ndipo yandikhudza kwambiri chifukwa mawu a alamuwo ndi omwe ndinkanena ine ndendende.

Ndinafika ku Glasgow ndili ndi MSCE yanga, Chingerezi ndinakhoza bwino ndithu, kwathu ku Ntcheu ndine amene ndinkadzazira anthu mafomu. Sabata yachiwiri mwana anatentha thupi usiku wonse, m'mawa ndinathamangira kwa dokotala wa m'dera lathu, mayi wa pa desiki analankhula sindinamve, anabwereza sindinamvebe, kachitatu anakweza mawu anthu onse pa mzere n'kutembenuka, ine ndinangoti yes osadziwa chomwe ndavomera. Ndinatuluka ndi kapepala m'manja, mwana akubuula kumsana, ndinakakhala pa siteji ya basi misozi ili chuchuchu. Chingerezi cha m'buku ndi cha pakamwa pa anthu a ku Scotland ndi zinthu ziwiri, ndipo palibe anandiuzako ndikuchoka ku Chileka.

Mayi wina wa ku Zimbabwe amene tinkagwira limodzi ntchito yokolopa anandiuza za kalasi ya Lachiwiri madzulo. Ndinakana miyezi isanu ndi umodzi. Mumtima ndinkati ine sindinathawe nkhondo, ndinabwera ndi pasipoti yanga, ndikakhale bwanji pamodzi ndi anthu oyamba a e i o u?

Tsiku limene ndinapita kunali mvula. Holo yake yozizira, kahita kamodzi pakona, tebulo la tiyi ndi mabisiketi, ndi agogo ena achizungu opuma pa ntchito ya uphunzitsi amene sankalandira ngakhale kobiri. Anandikhazika pakati pa mtsikana wa ku Eritrea ndi bambo wina wa ku Congo. Nditatchula kuti ndine wa ku Malawi bamboyo anayika kapu pansi n'kunena kuti "Achemwali, muli bwanji? Kwathu ndi ku Dowa." Abale, thupi lonse linachita tsemwe. Anakhala ku Dzaleka zaka zambiri, Chichewa chake chomveka bwinobwino, ana ake awiri anabadwira komweko, ndipo ndi iyeyo amene anandiphunzitsa kuyankha foni ya ku khonsolo osanjenjemera, ankakhala ngati wa ku ofesi ine n'kumayankha, mobwerezabwereza mpaka lilime linamasuka.

Apa ndiye ndinene mosabisa, ngakhale ena mukwiye. Ife Amalawi mawu oti refugee tinawasandutsa chitonzo. Aliyense wochokera chakumpoto uko timangoti "Maburundi," kaya ndi wa ku Rwanda kaya wa ku Congo. Dzaleka inali ndende ya andale nthawi ya Kamuzu, mu 1994 inakhala msasa wa othawa kwawo, malo oyenera anthu pafupifupi 12,000 koma lero muli oposa 50,000, ndipo mwana wobadwira mmenemo amakula ali refugee, kukwatira ali refugee. Mu 2023 anthu amene anali ndi timagolosale tawo ku Lilongwe anatengedwa pa malole kubwezedwa ku msasa, ena atayamba agona ku ndende ya Maula, ndipo ambiri a ife tinaombera m'manja pa Facebook. Ifeyo amene makolo athu analandira anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni nthawi ya nkhondo yawo, kwathu ku Ntcheu tinkatunga nawo madzi pa chitsime chimodzi! Kenako tikafika kuno manyazi omwewo timawanyamula m'chikwama, n'kumadziona apamwamba kuposa anthu amene tikuima nawo pa mzere umodzi wa mapepala. Zimandiwawa, chifukwa miyezi isanu ndi umodzi ija ndinaitaya ndekha.

Komanso inu achimwene, ndikufunseni mwaulemu, kunyumbako foni ikalira amayankha ndani? Ku sukulu ya ana amalankhula ndi aphunzitsi ndani? Azibambo ambiri mumachita zonse mwachikondi, koma mapeto ake mkazi amakhala zaka zisanu m'dziko muno akulankhula ndi inu, ana, ndi gulu la pa WhatsApp la kumudzi basi. Mphunzitsi wolipira adzabwera pa laputopu ola limodzi, alamu adzakhalabe m'nyumba momwemo. Tsiku limene ndinakalumbira kukhala nzika, amene anabwera kudzandionerera anali agogo aja ndi mtsikana wa ku Eritrea uja, atanyamula buledi wakwawo mu pepala.

Za mayesowo

Pa visa ya banja pamafunika Chingerezi cha mlingo wa A1 polowa, A2 powonjezera, B1 pofuna chilolezo chokhalitsa. B1 imeneyi ndi yolankhula ndi kumva, mayeso ake a bungwe la Trinity College London amakhala kucheza ndi woyesa kwa mphindi 10, ndiye chofunika ndi pakamwa kuzolowera. Palinso mayeso a za moyo wa m'dziko muno otchedwa Life in the UK, mafunso 24 mphindi 45, mukhoze 18, mtengo £50, ndipo mulembetse pa gov.uk pokha, muonenso pomwepo malamulo atsopano chifukwa amasinthasintha. Ngati inu muli kale nzika, alamu akangopeza chilolezo chokhalitsa atha kupempha unzika osadikira miyezi 12 imene ena amadikira, ndipo kwathu lamulo linasintha, Mmalawi wobadwa atha kukhala ndi unzika wa mayiko awiri.

Mphunzitsi wolipirayo mumutenge kwa milungu itatu kapena inayi mayeso atayandikira, ndalama zina musunge, mafomu a Home Office, unduna woona za ma visa ndi unzika, ndi odula kale. Koma ku tchalitchi kuja apite, kapena afunse za ESOL, makalasi a Chingerezi a anthu olankhula zilankhulo zina, ku laibulale kapena ku koleji ya m'dera lanu. Tsiku loyamba muwaperekeze mpaka pakhomo, inu mubwerere mukakhale ndi ana, ndipo akabwera mochedwa chifukwa amamwa tiyi ndi anzawo musafunse zambiri, mungowasungira nsima.