Musathamangire kugula clock yapadera

Achimwene a ku Moatize, mwafunsa ngati mugule word clock yapadera (kachipangizo kopereka nthawi imodzi kuti zipangizo za digito ziyendere limodzi) poti masipika anu a DSP (okonza mawu mwa digito mkati mwawo) akumveka mbuu pochita mastering (kukonza komaliza kwa nyimbo isanatulutsidwe). Ndalamazo sungani kaye.

Ngati mawu akulowa pa waya wa analog, sipikayo imawasandutsa manambala yokha pogwiritsa ntchito clock yake ya mkati, ndiye yakunjayo siyikhudzako n'komwe. Mukalumikiza pa waya wa digito wa AES/EBU, sipika imatsatira clock ya interface yanu (kabokosi kolumikiza kompyuta ndi masipika). Chofunika n'chakuti mtsogoleri (chipangizo chopereka clock kwa zinzake) akhale mmodzi, zonse ziyendere liwiro limodzi, 44.1 kHz kapena 48 kHz. Atsogoleri akakhala awiri mumamva kuthetheka, osati mbuu.

Ine ndikukayikira chipinda chanucho. Kwathu ku Ulongwe makoma a njerwa ankandinamiza bass mpaka ndinachotsa masipika pakona, kenako n'kuyeza chipinda ndi maikolofoni.