Osiyana, osemphana kapena otsutsana? Yankho kwa mlembi wa banki mkhonde

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Ndirande, mlembi wa gulu lawo la banki mkhonde. Akuti msungichuma wawo Lolemba anauza komiti kuti K60,000 ya thumba la zadzidzidzi ili m'bokosi, kufika Lachisanu pamaso pa gulu lonse wanena kuti ndalama ija anabwereketsa membala wina mwezi watha. Ndiye akufunsa kuti m'maminitsi alembe kuti mawu a msungichumayo ndi osiyana, osemphana kapena otsutsana, poti sakufuna kunamizira munthu komanso sakufuna kubisa kanthu.

Achemwali mwachita bwino kufunsa musanalembe, chifukwa mawu atatuwa salemera mofanana ndipo zolembedwa m'kope sizifufutika ngati zapakamwa.

"Osiyana" musiyeni, ndi wopepuka kwambiri. Nyemba ndi nandolo nzosiyana koma palibe mlandu pamenepo. Wina anene kuti msonkhano unayamba 2 koloko, wina anene kuti unachitikira pakhonde pa atcheya, anena zosiyana koma zonse nzoona.

Kusemphana ndi mawu a panjira. Inu mwapita kukandichingamira ku depoti ya Wenela, ine ndatsikira kale pa Ginnery Corner, basi tasemphana, palibe wanama, tangophonyana. Nchifukwa chake pawailesi mumamva kuti anthu awiri "anasemphana Chichewa", kapena kuti a chipani chakuti akusemphana maganizo, ndi mawu aulemu osaloza chala munthu, amasiya mpata woti mwina sanamvetsetsane chabe. Ineyo ndimawakonda mawuwa, amazimitsa moto pa milandu ya m'banja kwa ankhoswe. Koma pa nkhani yanuyi akhoza kukhala bulangete lofunditsa chinthu chomwe gulu likuyenera kuchiona.

Kutsutsana ndiye kwina. Apa ndi pomwe mawu awiri sangakhale oona onse nthawi imodzi, limodzi likaima linalo ligwe basi. Ndalama yomweyo singakhale m'bokosi Lolemba pomwe inatuluka mwezi watha osabwezedwa. Ndiye yankho langa ndi limeneli, lembani kuti mawu awiriwa akutsutsana.

Koma samalani kalembedwe kake, apa ambiri timaphonya makamaka pa WhatsApp. Kachidutswa ka -ana kaja kamafuna mbali ziwiri, ngati kumenyana, kukondana. Mukalemba kuti "msungichuma akutsutsana" wowerenga afunsa kuti akutsutsana ndi ndani? Mawu ake ndi omwe akutsutsana, mwiniwakeyo akudzitsutsa, dzi- yemweyo wa kudzibaya kapena kudziyang'ana pagalasi. Ndipo pakati pa ziwirizi ine ndingasankhe yoyambayo, chifukwa "akudzitsutsa" ikugwira munthu pakhosi pomwe "mawu akutsutsana" ikungoika zonenazo pamphasa kuti aliyense adzionere yekha.

Alipo mawu ena omwe simunawatchule koma ndikudziwa kuti amayi ena m'gulumo ayamba kale kuwanong'ona, oti munthuyu ndi wapawiripawiri, amasinthasintha ngati birimankhwe. Amenewo chonde asalowe m'kope. Pawiripawiri sikunena za ziganizo ziwiri ayi, kukunena za mtima wa munthu, kuti amachita dala, uku anena zina uko anena zina. Chimenecho ndi chigamulo, ndipo mlembi si woweruza. Mayi ameneyu mawa mukumana naye pa mpope, pamaliro mukaphika naye limodzi.

Nkhani ya mawu osagwirizanayi ndi yakale. Pa Marko 14 vesi 56 mpaka 60, Yesu ali kwa mkulu wa ansembe, mboni zinabwera zambiri koma umboni wawo sunagwirizane, moti mpaka mkulu wa ansembeyo anaimirira kuyamba kumufunsa yekha Yesu. Ngakhale kubwalo kwa amfumu, nduna zimamubwereza munthu funso lomwelo kawiri katatu mosinthasintha, cholinga chake nchomwechi, kuona ngati mawu a m'mawa akumana ndi a masana.

Ndiye lembani chonchi: tsiku lakuti msungichuma anati ndalama ili m'bokosi, tsiku lakuti anati inabwerekedwa, mawu awiriwa akutsutsana, gulu lapempha kuti afotokoze. Osawonjezera mchere. Nkutheka kuti Lolemba lija ankanena za ndalama ya masheya osati ya zadzidzidzi, zikatero mudzalemba mosangalala sabata yamawa kuti komiti ndi msungichuma anangosemphana. Koma zimenezo zidziwike bokosi litatsegulidwa pamaso pa onse, osunga makiyi atatu aja alipo, ndalama ziwerengedwe mokweza, ndipo membala wotchulidwa kuti anabwereka uja afunsidwe pomwepo.