Kodi ndingaike buku lonse pa Moodle?

Aphunzitsi ena a pa yunivesite anditumizira imelo. Akuti buku lomwe amaphunzitsira lilipo limodzi lokha mulaibulale, ophunzira ndi ankhaninkhani, ndipo m'sitolo mtengo wake ndi wosayamba. Tsono alijambula lonse, akufuna kuliika pa Moodle (tsamba la pa intaneti lomwe sukulu imaikapo zophunzira) ndi pa gulu la WhatsApp la kalasi. Mnzawo wawauza kuti fair use (mfundo yolola kugwiritsa ntchito zolemba za ena osapempha chilolezo) imalola bola zikhale zamaphunziro. Akufunsa ngati zili zoona.

Aphunzitsi, mnzanuyo wakuuzani theka la nkhani. Fair use ili m'lamulo la ku America la 1976, gawo 107, ndipo ngakhale komweko sikuti ukangoti "ndi zamaphunziro" ndiye wapulumuka. Woweruza amayang'ana cholinga, mtundu wa bukulo, kuchuluka kwa zomwe watenga, komanso ngati zikupha msika wa mwini wake. Mu 2008, Cambridge University Press, Oxford University Press ndi Sage anasumira Georgia State University chifukwa cha mitu ya mabuku yomwe aphunzitsi ankaikira ophunzira pa intaneti. Mu 2012 woweruza anapeza kuti pa zidutswa zonse zomwe ankadandaulira, zisanu zokha ndi zomwe zinaphwanya lamulo, koma ma apilo anakoka nkhaniyo mpaka 2020. Ndipo onetsetsani apa: ankakanganirana zidutswa za mabuku. Buku lathunthu, kuyambira chikuto mpaka chikuto, palibe amene akanalitchinjiriza.

Kwathu kuno ku Malawi tili ndi lamulo lathu, Copyright Act ya 2016. Limalola kutenga ndime zochepa pophunzitsa, mutatchula wolemba ndi buku lake. Zikapitirira apo mpamene pamabwera COSOMA, bungwe lomwe limapereka malayisensi okopera mabuku ndi kutolera ndalama za olemba. Choncho musanadine chilichonse, pitani kwa woyang'anira laibulale mukafunse ngati sukulu yanu ili ndi layisensi, komanso ngati imakhudza za pa intaneti kapena fotokope yokha.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi WhatsApp. Pa Moodle pali pasiwedi, amalowa ndi okhawo olembetsa kosiyo, ndipo semesita ikatha mutha kuchotsa. Pa WhatsApp PDF mukaiponya m'mawa, madzulo ili kale m'magulu ena asanu, mawa wina akuisindikiza pa kashopu ka fotokope pageti n'kumagulitsa. Dzina lomwe lili pa uthenga woyamba ndi lanu.

Ndikudziwa, umphawi wa mabuku ndi weniweni, ndipo mitengo ya osindikiza akunja siganizira thumba la mwana wodalira ngongole ya boma. Koma njira zilipo. Ikani mutu umodzi womwe mukuphunzitsa sabata imeneyo, pa Moodle pokha. Nkhani za m'majenale, zomwe malaibulale athu amapeza kudzera ku MALICO (mgwirizano wa malaibulale a ku Malawi) ndi Research4Life (ndondomeko yothandiza maiko osauka kupeza majenale), tumizani linki m'malo mwa failo. Pa makosi a chaka choyamba monga biology, economics ndi statistics, onani mabuku aulere a pa intaneti a OpenStax a ku Rice University ku America. Ali ndi layisensi ya Creative Commons, yolola aliyense kukopera ndi kugawa, moti mutha kugawira kalasi yonse, ngakhale pa WhatsApp pomwepo. Failo lomwe mwajambulalo lisungeni kaye mu kompyuta mpaka a laibulale akuyankheni.